Ndimayendetsa lole kudzera ku agency ku England: bwanji ndalama sizioneka, ulemunso palibe?

Funso

Ndine Mmalawi, ndimakhala dera la Midlands kuno ku England, ndipo ndili ndi laisensi ya Class 1, yoyendetsera malole akuluakulu okoka thirela. Kwa miyezi 7 tsopano ndakhala ndikuyendetsa lole kudzera ku agency (kampani yopezera anthu ntchito kumakampani ena), nthawi zambiri pa depoti imodzimodzi. Anandiuza kuti ndizilandira £17 pa ola kudzera ku kampani ya umbrella (kampani yapakati imene imalandira ndalama ku agency n'kundilipira ine), pamene madalaivala olembedwa ndi kampaniyo amalandira £15. Poyamba ndinkaona ngati ndili patsogolo, koma yofika ku banki siyandikira n'komwe ya anzangawo. Shifiti amatha kuifafaniza ndili kale panjira. Lole yotha ndi ulendo umene ena akana zimagwera ine. Mu ofesi sadziwa dzina langa, amangoti "agency". Kodi ndipirire, ndidandaule, kapena ndingoisiya ntchitoyi?

Yankho

Achimwene, ntchito ya udalaivala musaisiye, koma musapirirenso mmene mwapiririramu. Malinga ndi zimene mwalembazi, n'kutheka ndithu kuti pali ndalama zanu zimene simukupatsidwa, ndipo malamulo a dziko lino ali ndi njira yozifunsira.

Ndiyambe ndi £17 ija, chifukwa vuto lalikulu labisala m'nambala imeneyo. Amenewo si malipiro anu. Ndi ndalama imene agency imapereka ku kampani ya umbrella pa ola lililonse limene mwagwira, ndipo umbrella isanawerengere gawo lanu imayamba yachotsamo zonse zimene wolemba anthu ntchito amayenera kulipira. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mwagwira maola 45 pa sabata, ndiye kuti agency yatumiza £765. Umbrella imatengapo yake, tinene £20. Kenaka pali ndalama yopita ku boma yotchedwa National Insurance ya olemba ntchito, imene kuyambira mu Epulo 2025 ili pa 15 peresenti ya malipiro opitirira £96 pa sabata. Pa ndalama zanuzi imeneyo ndi £84 kapena kuposerapo pang'ono. Palinso kamsonkho ka 0.5 peresenti kothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Zotsala ndi pafupifupi £657, koma m'kati mwake muli ndalama ya tchuthi, 12.07 peresenti, imene ndi pafupifupi £71. Mukaichotsa imeneyo, patsala £587 ya maola 45. Gawani nokha, mupeza kuti mukulandira £13 ndi timakobidi pa ola, msonkho wanu wa PAYE (wodulidwa pa malipiro musanalandire) ndi National Insurance yanu zisanachotsedwe, za penshoni ndisanaziwerengere n'komwe.

Mnzanu wa £15 uja alibe zonsezi. National Insurance ya bwana amalipira bwana, tchuthi chake amalipidwa pachokha. Ndiye mukamaona ngati maso anu akukunamizani, sakukunamizani: iye ali patsogolo panu ndi pafupifupi £2 pa ola lililonse. Ndipo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anafika pa £12.21 mu Epulo 2025. Munthu wosenza udindo wa galimoto ya matani 44 pa msewu waukulu wa M1 usiku, kusiyana kwake ndi malipiro otsikitsitsa osakwana paundi imodzi. Zimenezi zimandipweteka mtima nthawi zonse ndikamaona ma payslip a madalaivala.

Ma umbrella amenewa anachuluka m'ntchito ya malole kuyambira pa 6 Epulo 2021, pamene malamulo a msonkho otchedwa IR35 anasintha m'makampani omwe si aboma. M'mbuyomo madalaivala ambiri a agency ankatsegula kakampani kawokawo n'kumalandira ndalama ngati anthu a bizinesi, msonkho n'kumachepa. HMRC, nthambi ya boma yotolera msonkho, inkanena kuti munthu woyendetsa lole ya eni, pa ulendo wosankha eni, pa nthawi yonena eni, ndi wantchito basi. Lamulo litasintha, ambiri anakankhiridwa ku PAYE kapena ku umbrella, ndipo ma agency ena anapitiriza kulengeza nambala yaikulu ija ngati ndiyo malipiro, chifukwa ndi imene imakopa anthu. Apa ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Umbrella ina ikadzakuuzani kuti ingathe kukusiyirani zambiri m'thumba pokupatsani gawo la malipiro ngati ngongole kapena mphatso yosadulidwa msonkho, thawani. HMRC ikadzatulukira, msonkho wotsalira ingathe kudzaufuna kwa inu dalaivala.

Kuyambira pa 6 Epulo 2020, agency iliyonse imayenera kukupatsani chikalata chotchedwa Key Information Document musanavomere kulembetsa nayo. Chimanena amene azikulipirani, malipiro ake, zonse zochotsedwa, ndi chitsanzo cha ndalama yofika m'manja. Ngati simunachilandire, chifunseni. Funsaninso kuti amalipira zingati pa ola kwa dalaivala amene ali pa PAYE ya agency yeniyeniyo osadutsira ku umbrella. Nambalayo idzaoneka yaing'ono, koma ndiyo yoyenera kufanizira.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muigwiritse. Pali malamulo otchedwa Agency Workers Regulations 2010, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2011. Amati mukagwira ntchito imodzimodzi pa kampani imodzimodzi kwa masabata 12, muyenera kulandira zofanana ndi zimene mukanalandira kampaniyo ikanakulembani yokha: malipiro a pa ola, ovataimu, ndalama yowonjezera ya usiku ndi ya Loweruka ndi Lamlungu, bonasi yochokera pa ntchito imene mwagwira, nthawi yopuma ndi masiku a tchuthi. Kudutsira ku umbrella sikukuchotserani ufulu umenewu. Kawerengedwe ka masabatawo n'kokomera inu kuposa mmene ambiri amaganizira. Sabata iliyonse imene mwagwirako ngakhale shifiti imodzi yokha pa depotiyo imawerengedwa yathunthu. Mukasintha agency koma n'kubwerera pa kampani yomweyo ndi ntchito yomweyo, kuwerengako kumapitirira. Kumayambiranso pa ziro pokhapokha mutakhala masabata opitirira 6 osagwirako, kapena atakusinthirani ntchito yosiyana kwenikweni. Mukadwala kapena mukapita ku tchuthi, kuwerengako kumangoima kaye, sikufafanizika. Inu mwanena miyezi 7 pa depoti imodzi. Ngati panalibe mpata wautali pakati, masabata 12 munawadutsa kalekale, ndipo kuyambira pamenepo £13 yanu inayenera kukhala £15.

Mwina agency idzakuyankhani kuti nambala yanu ndi yaikulu kale, kapena kuti zina zimene simulandira zinalowa m'malipiro a pa ola. Nkhani yofanana ndi imeneyi inafika kale kubwalo. Dominik Kocur, amene ankagwira ntchito ku Royal Mail mumzinda wa Leeds kudzera ku agency ya Angard, ankalandira ndalama yokwererapo pa ola, koma nthawi yopuma yolipidwa ndi masiku a tchuthi zinali zochepa poyerekeza ndi za antchito a kampaniyo. Mu 2018 bwalo la apilo la nkhani za ntchito linagamula kuti chinthu chilichonse chiyerekezedwe pachokha, osati kuphatikiza zonse n'kunena kuti zikufanana. Panalinso kale kanjira kozembera, kotchedwa Swedish derogation, kamene agency inkakusainitsani kuti izikupatsani kangachepe masiku opanda ntchito inu n'kutaya ufulu wa malipiro ofanana. Kanjira kameneko kanatsekedwa pa 6 Epulo 2020. Ndipo kampani ikamasinthasintha dalaivala dala kuti asakwanitse masabata 12, bwalo lingathe kulamula chipukutamisozi chowonjezera chofika £5,000.

Ndisakunamizeni kuti lamuloli limafafaniza kusiyana konse. Silikhudza ndalama imene kampani imapatsa antchito ake akadwala, penshoni ya kampani, kapena ndalama ya pochotsedwa ntchito ikachepa. Pa mlandu womwewo wa a Kocur, bwalo lalikulu la apilo, Court of Appeal, linanena mu 2019 kuti wa agency alibe ufulu wopatsidwa maola ofanana ndi a wolembedwa. Ndiye malipiro a pa ola angathe kufanana, koma mashifiti anu n'kukhala atatu pamene mnzanu ali ndi asanu otsimikizika.

Kafunsidwe kake n'kosavuta. Lembani kalata kapena imelo ku agency, osati kuimba foni. Nenani tsiku limene munayamba pa depotiyo, nenani kuti mwadutsa masabata 12, ndipo pemphani kuti akulembereni malipiro ndi zina zonse zimene dalaivala wolembedwa ndi kampaniyo amalandira pa ntchito ngati yanu. Agency ili ndi masiku 28 oti iyankhe. Pakatha masiku 30 osayankhidwa, mungathe kulembera kampani yeniyeniyo, nayonso ili ndi masiku 28. Lembani mwaulemu, mwachidule, opanda mawu aukali. Kalatayo mwina idzawerengedwa ndi woweruza tsiku lina. Sungani ma payslip onse, ma timesheet, ndi mauthenga onse a pa foni okuitanirani ku shifiti kapena kuifafaniza. Khadi lanu la tachograph (makina a mu lole olemba maola oyendetsa ndi opuma) nalonso ndi mboni yosanama ya masiku ndi maola amene munagwira. Zikakanika, pitani ku ACAS, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana, limene salipiritsa, ndipo mumayenera kudutsirako musanapite ku Employment Tribunal, bwalo loweruza nkhani za ntchito. Musazengereze, chifukwa nthawi yokasuma ndi yaifupi: kwa zaka zambiri yakhala miyezi 3 kuchotsapo tsiku limodzi.

Ndikudziwa chimene chili mumtima mwanu powerenga izi: ndikalemba kalatayo, foni idzasiya kulira. Mantha amenewo ndi oona. Lamulo limaletsa kulanga munthu chifukwa chofunsa ufulu wake, koma agency sinena kuti takulanga, imangoti sabata ino ntchito kulibe, ndipo kutsimikizira kuti n'chilango n'kovuta. Ndiye musanatumize kalatayo, lembetsani ku ma agency ena awiri kapena atatu. Palibe lamulo lokuletsani, ndipo ku Midlands kwanuko, pakati pa misewu ya M1, M6 ndi M42, kumene kuli Magna Park ku Lutterworth ndi DIRFT ku Daventry, ndiko kuli malo osungira katundu ochuluka kwambiri m'dziko lino. Lowaninso bungwe la apantchito, kaya Unite kaya URTU, lero lomwe. Mabungwe amenewa kawirikawiri sathandiza pa mlandu umene unayamba munthu asanalowe, ndiye pa nkhani ya £2 ijayi mwina adzangokupatsani uphungu, koma pa zimene zikubwera mudzakhala ndi wokuimirirani.

Za shifiti yofafanizidwa muli panjira, apa lamulo lakhala lofooka. Ma agency ena amalipira maola angapo mukafika pageti n'kubwezedwa, ena amalonjeza kuti shifiti iliyonse muzilipidwa maola osachepera 8, koma zimenezi zimachokera pa mgwirizano wanu ndi iwo. Werengani pepala limene munasaina, ndipo ngati mulibe mawu otero, funsani musanavomere shifiti kuti ikalephereka mulandira chiyani, yankholo libwere pa uthenga wolemba. Lamulo latsopano la Employment Rights Act 2025 lili ndi gawo lolamula kuti wantchito, wa agency yemwe, azilipidwa shifiti ikafafanizidwa mochedwa, koma magawo a lamuloli akuyamba kugwira ntchito pang'onopang'ono, ndiye funsani ku ACAS kuti lafika pati musanalidalire. Zimene zilipo kale ndi izi: agency siloledwa kukulipiritsani chifukwa chokupezerani ntchito, siloledwa kugwira malipiro anu ponena kuti kampani sinaipatse ndalama, ndipo palibe wololedwa kukudulani ndalama ya galasi losweka kapena bampala yokandika ngati simunavomereze zimenezo polemba ngoziyo isanachitike.

Mwina mumadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani zinthu zili chonchi pamene tsiku lililonse timamva kuti madalaivala akusowa. Makampani onyamula katundu amapeza phindu laling'ono kwambiri pa ulendo uliwonse, chifukwa masitolo akuluakulu amene amawapatsa ntchito amasankha wotchipa. Mu 2023 mokha makampani a malole pafupifupi 500 anagwa mu UK. Katundunso sayenda mofanana chaka chonse: kuyambira mu Novembala mpaka Khirisimasi malole sakwana, ikafika Januwale ndi Febuluwale ntchito yambiri yazimiririka. Kampani imalemba madalaivala okwanira miyezi yabata, ndipo kusefukira konse imakutsekera ndi a agency. Kwathu tinganene kuti ndinu waganyu: nthawi yopalira aliyense akukufunani, chimanga chikangokhwima palibe wokumbukira kumene mumagona. Chiopsezo cha miyezi yowuma chimene kampani ikanasenza yokha chimatsitsidwa pamutu panu, ndipo agency ndi umbrella aliyense amadyapo pa ola lanu lisanakufikeni. N'chifukwa chake ndimauza madalaivala kuti asamawerengere malipiro a pa ola. Tengani zonse zimene zinalowa ku banki m'miyezi 7 imeneyi, muphatikizemo masabata amene munakhala pakhomo kudikira foni, mugawe ndi chiwerengero cha masabata onse. Nambala imeneyo ndiyo yokuuzani zoona, ndipo ndi imene a banki adzayang'ane tsiku limene mudzafune ngongole ya nyumba.

Chaka cha 2021 chinaonetsa poyera mmene dziko lino limaonera dalaivala. Bungwe la makampani a malole la Road Haulage Association linanena kuti madalaivala akuperewera ndi pafupifupi 100,000, kutsatira kuchoka kwa UK mu European Union, mliri wa Covid umene unaimitsa mayeso a laisensi, ndi kusintha kwa IR35 kuja. Mashelefu m'masitolo anayamba kuoneka mipata. Kampani ya masitolo ya Tesco inalonjeza £1,000 kwa dalaivala watsopano aliyense. Kumapeto kwa Sepitembala mafuta anatha m'mafilingisiteshoni, magalimoto anandanda mizere italiitali, ndipo mu Okutobala asilikali anayamba kuyendetsa mathankala. Boma linatumiza makalata pafupifupi 1 miliyoni kwa anthu okhala ndi laisensi ya lole kuwapempha kuti abwerere, linatsegula ma visa 5,000 akanthawi, linafewetsanso malamulo a maola oyendetsa kuti omwe alipowo agwire nthawi yotalikirapo. Malipiro a agency anakwera kwambiri m'miyezi imeneyo. Koma taonani zimene anasankha kukonza: kuchulukitsa anthu ndi kutalikitsa maola. Malo oimikapo malole usiku, zimbudzi, mabafa, maola odikira kutsitsa katundu, zimene zinathamangitsa anthu pantchitoyi poyamba, zasintha pang'ono chabe. Katundu atachepa mu 2023, amene anayamba kumva kuwawa anali a agency omwe aja ankapembedzedwa.

Abale akumudzi amene mukuwerenga nawo, ma visa aja anatha kumayambiriro kwa 2022. Udalaivala wa lole suli m'gulu la ntchito zopezera Skilled Worker visa, ndipo laisensi ya ku Malawi sasinthanitsa ndi ya lole ya kuno. Munthu wokuuzani pa WhatsApp kuti mumutumizire ndalama akupezereni ntchito ya lole ku UK akufuna kukuberani.

Tibwere ku nkhani ya ulemu, imene ndikuona kuti ndi imene yakupwetekani kwambiri. Ina mwa iyo ili m'malamulo, ndipo simudikira masabata 12. Kuyambira tsiku loyamba muli ndi ufulu wogwiritsa ntchito kantini, malo oimika galimoto, chipinda chopumira ndi zina zimene antchito a kampaniyo amagwiritsa ntchito, komanso wouzidwa za mipata ya ntchito imene yatuluka. Kumalo kumene mwapita kukatsitsa katundu sayenera kukukanizani chimbudzi ndi posamba m'manja. Bungwe la boma loona za chitetezo pantchito la Health and Safety Executive linanena zimenezi momveka mu 2017, pambuyo pa madandaulo a madalaivala kwa zaka zambiri, ndipo linabwerezanso nthawi ya Covid malo ena atayamba kutsekera madalaivala panja. Ndipo ngati mukuona kuti a agency anzanu achizungu sachitiridwa zimene inu mukuchitiridwa, kapena pali mawu onyoza khungu lanu, kalankhulidwe kanu kapena kumene mumachokera, imeneyo ndi nkhani ina, ya lamulo loletsa tsankho la Equality Act 2010, limene limateteza wa agency mofanana ndi wina aliyense. Zikatero lembani tsiku, nthawi, mawu enieniwo ndi amene analipo.

Gawo lina la ulemu palibe lamulo lingakupatseni. Palibe woweruza angalamule wa mu ofesi kuti aphunzire dzina lanu. M'madepoti ambiri muli chikhulupiriro choti wa agency sadziwa ntchito, ndipo chimachokera pa kanthu koona: makampani ambiri, chifukwa cha inshuwalansi, safuna dalaivala amene laisensi yake sinakwane zaka 2, ndiye ongopambana kumene mayeso amalowera ku agency. Kenaka munthu amamuponya mu lole imene sanaiyendetsepo, kumalo kumene sanafikeko, popanda womulongosolera, akalakwitsa onse n'kumati taonani a agency. Koma ku agency komweko kulinso akadaulo a zaka 30 pamsewu amene anatopa ndi bwana mmodzi. Dalaivala amene sabata imodzi ayendetsa Scania, DAF ndi Volvo, lero thirela ya firiji mawa ya makatani, amafunika luso loposa amene wazolowera lole imodzi ndi msewu umodzi. Ine luso limenelo ndimalilemekeza, ndipo mukadzapita kukafunsira ntchito mudzalitchule mosachita manyazi.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi choti munthu wosowa ulemu amayamba kuugula ndi laisensi yake. Amavomera lole ya tayala lotha kuti asaoneke wovuta, amapitirira maola kuti katundu afike, poganiza kuti mawa amuitananso. Musatero, achimwene. Malire mukuwadziwa: maola 9 oyendetsa pa tsiku, 10 kawiri kokha pa sabata, 56 pa sabata, 90 pa masabata awiri, kupuma mphindi 45 mukayendetsa maola 4 ndi theka, ndi kugona maola 11 amene angatsike kufika pa 9 katatu kokha pakati pa mapumulo a pa sabata. Maola onse a ntchito asapitirire 60 pa sabata imodzi, ndipo pa avereji akhale 48. Mukagwira ku ma agency awiri, maolawo amaphatikizidwa, ndipo udindo wouza aliyense za maola amene mwagwira kwina ndi wanu. A DVSA, apaboma oyendera malole ndi madalaivala pamsewu, akakuimitsani, chindapusa chimafika £300 pa mlandu umodzi, ndipo kuyambira mu 2018 amatha kulipiritsa milandu mpaka 5 ya m'masiku 28 apitawo, kutanthauza £1,500 tsiku limodzi. Woitanidwa kwa Traffic Commissioner, mkulu woona za malaisensi a malole, kukayankha za laisensi yake ndinu. Agency idzatumiza dalaivala wina m'mawa mwake. Ndiye lole yotha ija muiyendere bwinobwino musananyamuke, cholakwika chilichonse muchilembe pa fomu ya zowonongeka ndi kuchijambula, ndipo ngati ndi mabuleki, matayala kapena magetsi, ikanike mpaka akonze kapena akupatseni ina. Kujambula lole mbali zonse musanaikwere kumakutetezaninso pa chizolowezi chija chokankhira wa agency kukandika kumene kunalipo kale. Ndaonapo kuti woyang'anira malole wanzeru amayamba kukhulupirira dalaivala wotere, chifukwa laisensi ya kampani yoyendetsera malole nayonso imadalira mapepala omwewo.

Laisensi imeneyi mumailipirira nokha, ndipo zimenezi nazonso muziwerengere pofanizira. Maphunziro okakamiza a madalaivala a malole, otchedwa Driver CPC, ndi maola 35 pa zaka 5 zilizonse. Makampani ambiri amalipirira madalaivala awo, pamene inu mumalipira nokha n'kutayanso malipiro a masiku amenewo. Palinso kupimidwa kwa dokotala pa fomu ya D4, kumene kuyambira zaka 45 kumabwera zaka 5 zilizonse, ndi kukonzetsa khadi la tachograph.

Kodi ndiye muchoke ku agency? Kwa munthu ngati inu, ndikuti inde, koma muchoke mutapeza kolowera. Agency imathandiza anthu a mitundu iwiri: ongoyamba kumene amene akufuna miyezi yolemba pa CV, ndi amene ali ndi chifukwa chofunira kusankha okha masiku, monga wofuna kupita kumudzi miyezi iwiri popanda kupempha kwa munthu. Amene ali ndi lendi, ana ndi abale oyembekezera thandizo mwezi ndi mwezi amafunika maola otsimikizika. Miyezi 7 ya Class 1 popanda ngozi ndi chuma kale. Yambani ndi depoti yomweyo: pitani kwa woyang'anira za malole mumuuze dzina lanu, miyezi imene mwagwira pamenepo, ndi kuti mukufuna kulembedwa. Court of Appeal inanena mu 2022, pa mlandu wina wa a Kocur omwe aja, kuti ufulu wanu ndi wouzidwa za mpata, osati wolembedwa, ndiye musadikire kuti akuitaneni. Wina akakuuzani kuti agency sikulolani kulembedwa, si zoona. Chimene chilipo ndi ndalama imene agency ingalipiritse kampaniyo, osati inu, ikakutengani pasanathe masabata 14 kuchokera tsiku limene munayamba kapena masabata 8 kuchokera tsiku lomaliza kugwirako, kutengera imene ifike mochedwa. M'malo mwa ndalamayo, kampani ili ndi ufulu wosankha kuti mupitirize kudzera ku agency kwa nthawi yogwirizana kenaka ikutengeni osalipira kanthu. Akakulonjezani zimenezi, tsiku lake alilembe.

Ganiziraninso kuti kalata ya masabata 12 ija ndi pempho lolembedwa ntchito zingathe kugundana. Ngati mukuona kuti mpata wolembedwa pa depotiyo uli pafupi, yambani ndi umenewo, koma muzikumbukira malire a nthawi yokasuma aja, chifukwa amawerengedwa kuchokera pamene anakulakwirani komaliza. Ngati mpata palibe, tumizani kalatayo sabata ino, uku mukufunsira kwina. Makampani amene amanyamula katundu wawo okha, monga masitolo akuluakulu ndi opanga zakudya, kawirikawiri amalipira bwino kuposa onyamulira ena, ndipo m'malo amene muli bungwe la apantchito malipiro amakhala olembedwa poyera. Satifiketi ya ADR yonyamulira katundu woopsa monga mafuta ndi gasi imatsegula makomo ena a malipiro okwererapo, ngati mungathe kuisungira ndalama.

Kulikonse kumene mukafunsire, musakafunse za pa ola zokha. Funsani kuti maola otsimikizika pa sabata ndi angati, ngati mphindi 45 zopuma amalipira kapena amadula, ngati nthawi yodikira imene pa tachograph mumaiika pa POA imalipidwa, ovataimu imayamba pa ola la chingati, ndi kuti mukadwala amakupatsani chiyani pamwamba pa ndalama ya boma. Ngati ndi ntchito yogona panjira, funsani ya usiku: mlingo umene HMRC inavomereza kuti usadulidwe msonkho kwa wogona mu lole ya bedi ndi £26.20, ndipo funsaninso kuti malo oimikapo lole usiku amalipira ndani. Mayankho amenewa muwaone m'kontirakiti musanauze agency kuti mwapeza pena.